Nyumba Yozungulira pa Phula la ku Landover

Mwana wanga wamkazi atabwerako kumene anakathera tchuthi cha ku yunivesite, anayala zithunzi patebulo lathu lodyera ku Hyattsville, kuno ku Amereka, n'kuima pambali monyadira ngati wabwera ndi chikho cha mpira. Ndinavala magalasi n'kuyang'ana. Ndinawavula, kuwapukuta ndi malaya, n'kuyang'ananso. Pazithunzi zonsezo panali chinthu chimodzimodzi: miyala yoyalidwa mozungulira, pakati pake dothi lakuda, ndi anthu ogwada atavala majekete a mvula.

"Adadi, imeneyi ndi nyumba," anatero m'Chingerezi. Chichewa amachimva chonse, ngakhale chomujeda, koma poyankha chimamuthawa.

"Nyumba yake ili pati?"

"Ndi imene mukuionayo. Denga linatha kalekale."

Anandifotokozera kuti anali pakachilumba kena kumpoto kwa Scotland, kofika utakwera masitima apamadzi awiri, kopanda ndi mtengo umodzi womwe, kumene nkhosa zimachuluka kuposa anthu ndipo mphepo imakuvula chipewa usanatsike n'komwe. Zaka zikwi zingapo zapitazo anthu ena, kaya ankathawa chiyani kwawo, anakocheza pamenepo n'kumanga nyumba zozungulira za miyala. Iye ndi anzake anatha miyezi iwiri atagwada m'matope, akupala dothi ndi kampeni ka amisiri omanga nyumba ndi kabulashi konga kotsukira mano. Ndinamufunsa chimene anapeza. Anati phulusa, mapale, zigoba za nkhono zam'nyanja ndi mafupa a nkhosa.

"Ndiye kuti mwapeza dzala," ndinatero.

Ndinkafuna kumunyoza, koma iye anasangalala kwambiri. Anati inde, dzala ndiye chuma chenicheni pantchito yawo, ndipo anathamangira cholembera kuti alembe mawuwo asanaiwale. Atabwerako ndi pamene ananena chimene anayalira zithunzizo. Anali atamusankha kuti abwerere kukachilumba komweko kukapitiriza maphunziro kwa zaka ziwiri, ndipo ndege yake inali yonyamuka pakatha milungu itatu.

Ndiulule pano chimene chinandipsetsa mtima, poti tsiku limenelo sindinaulule. Ine ndinabadwira m'nyumba yozungulira. Osati ya miyala ayi, koma ya nsichi ndi matope, yofolera udzu, pamudzi wina m'boma la Dowa. Koma tsiku limene ndinatsika basi kusekondale yogonera komweko, anzanga atandifunsa za kwathu, ndinati ndinabadwira m'nyumba ya njerwa ya aphunzitsi pamishoni. Bodza limenelo ndinakula nalo, ndinakwatira nalo, ndinakwera nalo ndege pobwera kuno kudzayendetsa galimoto ya ku embasi, ndipo ntchitoyo itatha n'kuyamba yonyamula makatoni m'chinyumba chosungira katundu ku Landover, linali lidakali m'thumba. Akazi anga ankadziwa, chifukwa achemwali anga pakamwa pawo panalibe chitseko. Mwanayu sankadziwa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuthamangira makona anayi, kenako malata, kenako kapeti pansanjika yachitatu. Ndipo ena mwa amishoni amene anaphunzitsa makolo athu kuti munthu wotsogola amagona m'nyumba ya makona ankachokera ku Scotland komweko. Ndiye lero ndizimva kuti agogo awo ankagona mozungulira ngati ife, ndipo mwana wanga, amene ndinauza mpingo wonse kuti adzakhala loya, ndi amene akukawasesera mabwinja awo ndi kabulashi?

Ndinamuuza m'Chichewa chosafuna womasulira: "Ukapita kokakumba madzala a azunguwo, usanditsanzike."

Anatola zithunzi zake chimodzichimodzi n'kulowa kuchipinda. Kuyambira pamenepo sitinalankhulanenso.

Kusalankhulana m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi ntchito yakalavulagaga. Kumudzi munthu ukakwiya umanyamula khasu n'kupita kudimba. Kuno tinkakumana pakhomo la bafa m'mawa uliwonse, aliyense thaulo paphewa, n'kumapatsana njira ngati anthu osadziwana pa sitima ya Metro. Mawu onse ankadzera mwa mayi ake. "Amami, auzeni adadi tiyi wawo akuzizira." "Amayi, muuzeni mwana wanuyo kuti ndamva." Zonsezi tonse atatu titakhala pampando umodzi. Sabata yoyamba akazi anga anapirira. Yachiwiri anayamba kusintha mauthenga panjira. Mwana akati, "Auzeni adadi akutchinga TV," iwo ankatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Akuti amakukondani kwambiri." Ndinawagwira msanga, chifukwa uthenga weniweniwo ndinali nditaumva ndi makutu anga.

Kutchalitchi nako nkhani inafika itasintha. Mayi wina wachikulire, wamphamvu pa mapemphero, anamva kuti mwana wathu amafukula pansi n'kutulutsa mafupa. Anatikokera pambali n'kutifunsa monong'ona ngati tinayesapo kusala naye kudya. Akazi anga anafotokoza kuti mafupa ake ndi a nkhosa. Mayiyo anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti onse amayamba ndi nkhosa.

Masiku ankatha, sutikesi inali itatsegulidwa kale pakona, ndipo ine ndinali ndisanabweze mawu anga. Ndinkadziwa kuti mwanayo anatengera ine khosi louma. Akanatha kukwera ndege osanditsanzika, monga ndinamuuzira, ndipo zimenezo zinkandidya mumtima ngakhale nkhope ndinkailimbitsa.

Loweruka la sabata yachiwiri, masana, mwanayo anakhala pabalaza akulankhula pakompyuta ndi mphunzitsi wake, mzungu wa ndevu zambiri. Ine ndinaona kuti ndi nthawi yabwino yosita malaya a Lamulungu, pabalaza pomwepo. Kolala imodzi ndinaisita mpaka kalekale. A ndevuwo ankafotokoza kuti pamalo amene akukumbawo pali nyumba zisanu ndi ziwiri zoyandikana, choncho panali mabanja asanu ndi awiri. Nyumba iliyonse, kuchokera kukhoma kufika kukhoma linzake, ndi masitepe ngati asanu ndi limodzi, ndiye mwina munkagona anthu anayi kapena asanu. Panalinso kanyumba kamodzi kakang'ono kopanda malo a moto, ndipo iwo ankaganiza kuti mwina kanali kopembedzeramo.

Ndinaika ayironi pansi.

"Amayi, muuzeni mwana wanuyo awauze a ndevuwo kuti nyumba zisanu ndi ziwiri si mabanja asanu ndi awiri. Akhoza kukhala mayi mmodzi, ana ake aakazi ndi akamwini. Kanyumba kopanda motoko si kachisi, ndi gowelo, anyamata amagona osasonkha moto chifukwa cha ulesi wotola nkhuni. Ndipo za anthu asanuzo asiye. M'nyumba yotero mumagona anthu khumi, nkhuku osawerengera."

Ulendo uno akazi anga anapereka uthenga wonse osachotsapo kanthu. Mwanayo anatsanzikana ndi mphunzitsi wake, n'kutseka kompyuta pang'onopang'ono.

"Amami, afunseni adadi akudziwa bwanji, popeza anabadwira m'nyumba ya njerwa."

"Muuzeni ndinkaona kwa aneba."

Panamveka fungo. Kolala ija inali itapsa.

Mpingo wathu ndi wa Amalawi ndi Azambia, ndipo timabwereka holo ku Landover, kufupi ndi bwalo lalikulu la mpira. Tsiku lopanda masewero, malo oimika magalimoto kumbali imeneyo amangoti mbee, phula lokhalokha mpaka maso kutopa. Mawa lake, Lamulungu, pakati pa chilengezo cha ukwati ndi cha kwaya, abusa anawerenga kapepala konena kuti mwana wathu akupempha anthu ongodzipereka kuti akagone panja mapemphero akatha, pofuna kuthandiza maphunziro. Ndinatsetsereka pabenchi mpaka mutu wanga unabisika kumbuyo kwa duku la mayi wapatsogolo.

Titatuluka ndinamuona atagwada paphula ndi choko chachikulu chimene ana amajambulira pansi, ndi tepi yoyezera. Ankayesa kujambula nyumba ya kuchilumba ija, kukula kwake komweko, kuti aone ndi maso ake kuti mungagone anthu angati. Koma ankajambula ndi dzanja lokha, ndipo chinkatuluka chinali mbatata. Ine ndinapita kukaima pagalimoto yanga, makiyi m'manja, ngati munthu amene ali ndi ulendo.

Woyamba kumuyandikira anali bwana wina wa ku embasi, wa suti ya mabatani atatu, amene sipatha mphindi zisanu asanakuuze kuti anakulira ku Area 10 ku Lilongwe.

"Mwanawe, ine m'nyumba zimenezi sindinakhalemo," anatero, "koma sachita choncho. Umakhoma chikhomo pakati, n'kumangirira chingwe, n'kuzungulira nacho."

Paphula sungakhome chikhomo. Mnzanga wa ku Lusaka, amene timanyamula naye makatoni kuntchito, anadzipereka kukhala chikhomo. Anaima njo pakati, atagwira ambulera yake ngati msilikali. Chingwe panalibe, choncho amuna atatu anavula mataye awo n'kuwalumikiza. Bwana wa ku Area 10 uja anagwira choko, n'kuzungulira chowerama, suti yonse ikulira m'misoko. Mzere unatuluka wozungulira bwinobwino, wosachita kubwereza.

Pa khomo ndiye panabuka mkangano. Mkulu wina wa mpingo anati iye anabadwira m'nyumba ya aphunzitsi, koma amadziwa kuti khomo silipenya kumene kumachokera mphepo ya mwera. Palibe amene ankadziwa kumene mwera umachokera ku Landover, ndiye amuna anatulutsa mafoni n'kumazungulira nawo pofuna kum'mwera. Chikhomo nacho chinalowerera.

"Ine ni wa mu Lusaka, ninabadwila mu cipatala cikulu," anatero mnzanga uja, "koma kwa ambuya ku Chipata citseko cenze kulangana ku khola, kuti kawalala akabwela pa ng'ombe umuone. Manje imwe mufuna cilangane ku sitediyamu?"

Aliyense ankayamba ndi mawu omwewo: ine sindinakhalemo, koma. Ndinawerenga amuna asanu ndi atatu, onse obadwira m'nyumba za njerwa, ndipo onse ankadziwa mtengo umene chiswe sichidya ukauika nsichi, luzi labwino lomangira mapaso, ndi mwezi womweta udzu wofolera. Ndinadabwa kuti dziko lathu linali ndi nyumba za aphunzitsi zochuluka chotero.

Amayi ndiye analibe nazo ntchito zokanazo. Ankangoseka amuna awo. Mayi wa mapemphero uja, amene ankafuna kusalira kudya mwana wanga, ndi amene anatenga zikwama zitatu za m'manja n'kuziika pakati kuti akhale mafuwa. Anadandaula kuti pansi pake mposazira, n'kuyala chitenje chake. Anzake anayalanso zawo, ndipo mwana wanga anapempha anthu kuti alowe agone.

Apa ndi pamene zinavuta. Mnyamata wina amene anakwatira mumpingo momwemo analowa mwachangu n'kudzigwetsa pachitenje, osaona kuti amene agona pambali pake ndi apongozi ake. Mayiwo anakuwa n'kudziphimba kumaso ndi duku. Mkamwiniyo anamutulutsa ngati nkhuku yolowa m'khitchini, n'kumuuza kuti akamange yake. Anatenga mataye aja n'kumujambulira nyumba ina chapatali, khomo lopenya kumbali. Kenako wina anakumbutsa kuti atsikana otha msinkhu sagona m'nyumba ya makolo awo, ndiye anajambula yachitatu. Mayi wina wamasiye anati iye sangagone m'nyumba ya eni, anajambula yachinayi. Posakhalitsa panali mudzi wathunthu pamwamba pa mizere yoimikamo magalimoto, koma onsewo akuti ndi banja limodzi. Mwana wanga ankalemba mothamanga mpaka pepala kung'ambika. Zimene ndinauza a ndevu zija zinali zikuoneka poyera, ndipo mumtima ndinasangalala, koma ndinawerama n'kumayang'ana matayala a galimoto yanga.

Wina anati nyumba yopanda kamwana ka mbuzi kothawitsidwa kuzizira si nyumba. Woyimbitsa kwaya anavomera udindowo. Anamumangirira ndi taye pafupi ndi khomo, ndipo anautenga udindo wake mozama, chifukwa ankalira ndi mawu a tenala.

Zili choncho kunatulukira kagalimoto ka nyali yachikasu pamwamba. Munatsika mlonda wa malowo, chimunthu chachikulu, wailesi paphewa. Anaona anthu ovala masuti ndi madiresi a Lamulungu ali lambalamba paphula dzuwa likuswa mtengo, ndipo anafunsa ngati wina wadwala kapena ngati tikuchita zionetsero. Poyandikira anakweza mwendo kuti adumphe mzere wa choko.

"Mukudutsa pakhoma!" anakuwa amayi atatu nthawi imodzi.

Munthuyo anaima mwendo uli m'malere. Mwana wanga anamufotokozera m'Chingerezi. Anayang'ana mzerewo, anayang'ana amayi aja, anabweza mwendo wake, n'kuzungulira mpaka pakhomo. Analowa atavula chipewa. Analoza woyimbitsa kwaya n'kufunsa kuti ameneyu ndi ndani. Atamuuza kuti ndi mbuzi, anagwedeza mutu ngati wamva zanzeru, n'kukhala pansi pafupi ndi zikwama kuti aone mathero ake.

Mathero ake anali oipa. Anthu anagona mondondozana ngati odwala m'chipatala, mitu mbali imodzi, ndipo munakwana anthu asanu ndi awiri okha. Bwana wa ku Area 10 anasasa fumbi m'manja n'kulengeza kuti yankho ndi limenelo, mwanayo alembe. Ndinaona mwana wanga akuika cholembera papepala kuti alembe bodza limenelo n'kupita nalo kutsidya kwa nyanja. Ndinakuwa ndili pagalimoto pomwepo.

"Sagona choncho, anthu inu! Miyendo kumoto, mitu kukhoma, ngati masipoko a njinga!"

Sindikumbukira kuti ndinachoka bwanji pagalimoto paja. Ndinangopezeka ndazungulira mpaka pakhomo, ndipo polowa ndinawerama. Ndinapinda msana mpaka pakati, dzanja pamutu kuteteza kuti udzu wa denga usandilase m'maso. Pamwamba panga panalibe kanthu koma thambo ndi ndege imene inkadutsa. Anthu onse aja, ngakhale odziwa za luzi ndi nsichi, analowa ali chilili. Ine ndekha ndi amene thupi linandipereka.

Kenako mnzanga wa ku Lusaka, amene nayenso ndinamuuzapo za aneba aja, anaphulika ndi chiseko.

"Ba mudala! Kwa ba neba mwenze kuwelama so?"

Ndinayamba kugoneka anthu. Ndinakoka miyendo ya akuluakulu amene pamasiku ena ndimawapatsa moni ndi manja awiri. Wamtali ndinamuika kutali ndi khomo, ana ndinawalowetsa m'mipata, wonenepa ndinamugoneka chammbali. Munakwana anthu khumi ndi awiri, kuphatikizapo mbuzi, ndipo mlonda uja anali adakali ndi malo ake pamoto.

"Lemba," ndinatero, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndikulankhula ndi mwana wanga mwachindunji, osadzera mwa mayi ake. "Apa pamakhala mtsuko wa madzi akumwa, pansi pake pamakumbika pang'ono kuti usagwe. Apa mphasa zimaimikidwa kukacha. Kuseri kwa chitseko kumakhala nkhuku yofungatira, ndipo ukaiponda potuluka mudzi wonse umadziwa. Pamwamba pa moto timapachika chimanga cha mbewu kuti utsi uthamangitse anankafumbwe. Mvula ikabwera ndi mphepo, kuno ndi kumene kumadontha. Ine ndinkagona apa, mutu wanga umagunda nsichi ina yokhota. Achemwali anga apa."

Ndinali nditanena kuti ine. Bodza la zaka makumi anayi linathera pomwepo, pamaso pa mpingo wonse ndi mlonda wa eni. Ndinayembekezera kuti manyazi andigwetsa, koma sanabwere. Anthu ogonawo ankangoyang'ana kumwamba, kumene kukanakhala denga.

Mwana wanga anali atasiya kulemba. Analankhula m'Chichewa, Chichewa chake chotsimphina chija, mawu aliwonse akuwanyamula ndi manja awiri.

"Nanga agogo, adadi? Agogo amagona pati?"

"Agogo ako ankagona..." Ndinatembenukira kumanja kwa khomo n'kuloza. Dzanja linaima panjira. Ndinatembenukira kumanzere. Ndinabwereranso kumanja.

Chifuwa chawo cha m'mwezi wa Juni ndikuchikumbukira. Fungo la utsi pachitenje chawo ndikulikumbukira. Zidendene zawo zong'aluka, zimene mapazi anga ankakumana nazo pafupi ndi moto, ndikuzikumbukira. Koma mbali imene ankagona inandisowa. Ndinadziwa pogona nkhuku, pogona mayi anga osadziwa. Ndinaima pakati pa nyumbayo, dzanja lili m'mwamba, ndipo ndinachita mantha monga sindinachitepo chibwerere kuno.

Anthu anayamba kudzuka mwakachetechete. Amayi anatola zitenje zawo n'kuzikutumula chapansipansi. Mbuzi inadzimasula yokha. Mlonda anavala chipewa chake n'kutulukira pakhomo. Akazi anga anatenga makiyi m'dzanja langa n'kukakhala m'galimoto. Tinatsala awiri, ine ndi mwanayo, titakhala paphula lotentha mkati mwa mzere wa choko.

Ndinamuuza zonse. Ndinamuuza kuti popita kusekondale ndinalonjeza mayi anga kuti sadzafera pansi pa udzu, ndidzawamangira nyumba ya malata. Ndinamuuza kuti anamwalira m'nyengo ya mvula, chaka changa choyamba pantchito, ndisanabweretse ndi lata limodzi lomwe, beseni lotchera madzi odontha lili pambali pawo. Maliro atatha, nyumbayo anaigwetsa monga mwa mwambo wa kwathu mwini wake akamwalira. Poyamba ndinkaikana nyumbayo chifukwa cha manyazi a kusukulu, koma kuyambira pamenepo ndinkaikana chifukwa kunali kosavuta kunena kuti kunalibe kusiyana ndi kunena kuti ndinachedwa. Achemwali anga, amene akanakumbukira mbali imene mayi ankagona, anatisiya kalekale. Pabwinjapo pano mwana wawo amalimapo mtedza.

Mwanayo sanandipepese, ndipo sanalire. Anapala phula ndi chala kwa kanthawi, kenako anabwerera ku Chingerezi chake. Anati pamene moto unayaka zaka zambiri, dothi limapsa n'kufiira, ndipo ngati khasu silinafike pansi kwambiri limakhala choncho. Anati nsichi zikawola zimasiya timadontho takuda m'dothi, tozungulira monga zinaimira. Pakhomo, pamene mapazi ankaponda tsiku ndi tsiku, pamakhala polimba kuposa pena.

"Moto ndikhoza kuupeza, adadi. Khomonso mwina. Pogona agogo sindikulonjeza."

Ndinakondwera kuti sanandinamize. Pabanja pathu wabodza mmodzi anali wokwanira.

"Ndiye pita ukaphunzire bwinobwino kwa a ndevuwo," ndinatero. "Usakachite zaulesi. Ukamaliza awowo, ukakumbe athu."

Kubwalo la ndege ndinamuperekeza ndekha, ndipo sutikesi yake, yolemera ndi majombo a matope, ndinainyamula ine. Anagwada pang'ono ponditsanzika, anthu akutidutsa ndi matilole awo, ndipo ndinamuuza kuti adzuke msanga asanandichititse manyazi, ngakhale kuti amene ankapukuta magalasi ndinali ine.

Sabata yomweyo ndinaimbira foni mwana wa achemwali uja. Ndinamuuza kuti pakati pa mtengo wa mango ndi chulu asalimeponso, pasiyidwe momwe palili. Anandifunsa chifukwa chake. Ndinati pali chinthu pansi pake, adzachiona msuweni wake akabwera kuchokera ku Ulaya kudzakumba. Pamenepo ndinalakwitsa. Mudzi wonse pano umadziwa kuti amalume a ku Amereka apeza golide pamalopo ndi makina. Mnyamatayo anachita kutchinga malowo ndi minga, ndipo wina anakumba kale chidzenje kuseri kwa chulu, mwamwayi mbali yolakwika. Chaka chino ndi chachiwiri malowo asanaone khasu, ndipo pazithunzi zimene amanditumizira pali chisoso ndi nsongole zofika m'chiuno.

Mwana wanga amanditumizira zithunzi za miyala yake sabata iliyonse, ndipo ine ndimamutumizira zoti akawakonze a ndevu. Zina amavomera, zina amati kumeneko n'kosiyana ndi ku Dowa, ndipo timakangana pafoni mpaka mayi ake kutilanda. Watsala ndi miyezi isanu.

Nthawi zina pankhomaliro kuntchito, mnzanga wa ku Lusaka akapita kukafunditsa chakudya chake, ndimajambula kanyumba kozungulira ndi chala pafumbi la pamwamba pa katoni. Ndimaika khomo, ndimaika moto pakati, ndimadziika ine pansichi yanga yokhota. Kenako ndimawagoneka mayi kumanja, n'kuyang'ana. Ndimafufuta n'kuwagoneka kumanzere. Mbali zonse ziwiri amakwanamo bwinobwino.